Bondo la Adokotala ndi Bondo la Apongozi

Aphunzitsi anavulala chifukwa cha khama lawo lomwe. Ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo m'mawa umenewo anali ndi mayi wina wogulitsa matailosi, amene ankaopa rivesi kuposa imfa. Atalephera kumufotokozera ali m'kati, anatsika, anakaima kumbuyo kwa galimoto, n'kuyamba kukodola ndi manja onse awiri.

"Bwerani, mayi! Pang'onopang'ono! Bwerani!"

Mayi uja anabweradi. Mawu akuti pang'onopang'ono okha ndi amene sanamupeze. Aphunzitsi anadumpha ngalande ngati mnyamata, koma anakatera ngati bambo wa mimba yake. Bondo lamanzere linapindikira mbali imene silinalengedwere, linalira kuti thwa, mpaka wosoka nsapato kutsidya kwa msewu anatukula mutu.

Mkazi wawo anamva nkhaniyi ali kuntchito, akuwongola kamwendo ka magalasi amene mwini wake anawakhalira. Ankagwira ntchito m'sitolo ya magalasi a maso, ndipo apongozi ake aakazi, tsiku loyamba kumuona, anafunsa mwana wawo kuti, "Wamagalasi uja ndi ameneyu?" Dzinalo linakakamira ngati chingamu kunsi kwa nsapato. Ngakhale Aphunzitsi ankamuitana choncho, makamaka akafuna tiyi.

Wamagalasi sanachedwe kuona pamene panagona vuto. Ikanakhala nthiti kapena khutu, bwenzi atangoti pepani. Koma bondo lamanzere ndi limene limaponda kilatchi. M'galimoto yophunzitsira, kumpando wa mphunzitsi kumakhalanso kilatchi ndi buleki, ndipo mwendo umenewo ndi umene unkadyetsa nyumba yawo, kwinaku ukupulumutsa mipanda ya anthu. Bondolo likauma, ntchito ya Aphunzitsi yathera pomwepo.

Apongozi anafika tsiku lomwelo ndi chikwama chachikulu komanso kachitini. Chikwamacho sichinaopse munthu. Kachitiniko ndi kamene kanachititsa Aphunzitsi kukoka bulangete mpaka m'khosi.

Kale kwambiri m'kachitinimo munkakhala mabisiketi. Tsopano munali makapisozi: ofiira ndi achikasu, ofiira ndi akuda, obiriwira, ena opanda khungu lenileni chifukwa cha ukalamba. Anali otsala kwa aliyense amene anadwalapo m'banjamo n'kuchira asanamalize mankhwala. Apongozi anali oweta nkhuku, ndipo anali ndi njira imodzi yochizira chilonda chilichonse: kutsegula kapisozi pakati, kugogoda ndi chala, ufa n'kugwera pabala penipeni. Ana awo onse anakula ndi zipsera zachikasu m'miyendo. Nkhuku zojomphana zinkalandira chithandizo chomwecho. Galu anachilandira kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo akaona kachitiniko ankapita kukacheza kwa aneba.

"Kumwa kapisozi n'kuwononga," Apongozi ankatero. "Chilonda chili pamwendo, mankhwala muwatumize kumimba? Adzafika liti?"

Ku chipatala anakalowa onse atatu kwa dokotala wa mafupa. Anali mayi wamng'ono thupi, wovala nsapato zapulasitiki zoyera, wolankhula mosathamanga. Anatulutsa bondo lapulasitiki m'kabati n'kuliika patebulo. Apongozi analiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira katundu wa pasitolo ya mnzake.

"Mtsempha umene umamanga bondo m'kati waduka," anatero dokotala. "Tidzatenga kamtsempha kena kuntchafu kwawo komweko, n'kukalowetsa m'malo mwake. Sitidzang'amba bondo lonse. Tidzaboola timabowo ting'onoting'ono."

Ataona kuti bondo lapulasitiki silikuwagwira mtima, anatembenukira kwa Apongozi.

"Mayi, nkhuku mumadya?"

"Ndimaweta, mwananga."

"Ndiye mukuchidziwa chicherewecherewe. Choyera chosalala chija cha kunsonga kwa fupa la mwendo."

"Chokoma kukukuta chija."

"Chomwecho. Mwana wanuyu nayenso ali nacho, ndipo chake chidakali bwino."

Aphunzitsi anaphimba bondo lawo ndi manja.

Dokotala anapitiriza. Anati mdani wamkulu pa opaleshoni yotere ndi tizilombo tolowa m'bondo. Ndiye asanalowetse kamtsempha kaja, amayamba akaviika m'madzi osungunuliramo mankhwala opha tizilombo.

Apongozi anawongoka pampando.

"Mankhwala ake ngati a m'makapisozi?"

"Ndi a mtundu umodzi, koma..."

"Ndiye mumaika pabala penipeni? Osati kumwa?"

"Akumwa aliponso, koma amenewa inde, timaika pomwepo. Koma mvetserani..."

Apongozi sanamvetsere. Anatembenuka thupi lonse n'kuyang'ana Wamagalasi, maso akuwala ngati munthu amene wapambana mlandu wa malire.

"Mwamva, mayi? Zaka zonsezi mumandisekera m'manja. Anzanu akupita nazo kusukulu zaukachenjede."

Wamagalasi anayang'ana pansi, monga mwana wa ulemu, koma makutu anawasiya pa dokotala, chifukwa anadziwa kuti nkhani yonse ili kuseri kwa "koma" uja.

Ndipo inalidi kumeneko. Dokotala anati si mankhwala alionse amene angalowe m'bondo. Pali amene anayesedwa n'kupezeka kuti pa mlingo wochepa chicherewecherewe chimawapirira. Pali ena amene amapha tizilombo, n'kupha ndi chicherewecherewe chomwe. Ngakhale abwino omwewo, ukachulutsa, amasanduka adani. N'chifukwa chake amachita kuyeza, m'chipinda choyera, kamodzi kokha. Ufa wa m'kapisozi anaupangira mimba, si woyera mokwanira kulowa m'bondo, ndipo palibe amene angayeze mlingo wake ndi chala.

"Khungu likasupuka limameranso. Fupa likathyoka limalumikizana. Koma chicherewecherewe chilibe mitsempha ya magazi. Chikafa, sichibwerera mmene chinalili. Bondo limayamba kukhulana fupa ndi fupa. Ndiye timabowo tija tisanatsekeke, pasagwere chilichonse. Mafuta ayi, phulusa ayi, ufa ayi."

Apongozi ankagwedeza mutu mwamphamvu, ngati mmene anthu amachitira mlaliki akamadzudzula machimo a anzawo.

Opaleshoni inayenda bwino. Chimene sichinayende bwino ndi Aphunzitsi. Munthu amene anaphunzitsa theka la tauni kuyendetsa galimoto anakanika kuyendetsa ndodo ziwiri. Pofika kunyumba, pakhomo penipeni, ndodo ina inapita kutsogolo, ina inakumbuka kuchipatala, ndipo Aphunzitsi anagwa chammbali, atakweza mwendo wa opaleshoni m'mwamba ngati mbendera. Bondo lamanzere silinakhudze pansi. Lamanja ndi limene linakhula pa simenti n'kusupuka.

Atawagoneka pa sofa, Apongozi anapita kukhitchini kukatenthetsa madzi.

"Wamagalasi," Aphunzitsi ananong'ona, "amayi akusamba m'manja."

"Nanga n'zoipa?"

"Ndi madzi otentha. Sasamba ndi madzi otentha pokhapokha ngati akufuna kutsegula kachitini. Ndakula nazo ine."

"Ndiye muwauze kuti adokotala anakana."

"Uwauze iwe."

"Ndi mayi anu."

"N'chifukwa chake."

Wamagalasi anawayang'ana amuna akewo. Mumsewu, mawu a bambo ameneyu ankadziwika. Akakuwa kuti "Buleki!" ngakhale galimoto za eni ake zinkaima. Koma pamaso pa mayi awo ankasanduka mwanapiye wonyowa. Nayenso sakanatha kuuza Apongozi kuti ayi. Chikwatiwire anali asanawakanizepo kanthu m'maso muli gwa. Ankangoti "chabwino amayi", kenako n'kuchita zake mwakachetechete. Makatani a pabalaza anasinthidwa mwa njira imeneyo, ndipo mpaka lero Apongozi amakhulupirira kuti anasankha okha.

Apongozi anatulukira akupukuta manja, kachitini kali kukhwapa.

"Masulani bandejiyo, mayi, tione zimene atsikana aja asoka."

Wamagalasi anaganiza mwachangu kuposa mmene anaganizirapo pa mayeso alionse.

"Amayi, mwabwera nthawi yabwino. Ine zandisokoneza. Taonani bondo ili." Analoza lamanja, losupuka lija. "Lamanzere adokotala analiika kale mankhwala awo m'kati, ngati mmene mumachitira inu. Koma ili palibe amene waliona. Magazi akutulukabe."

Apongozi anawerama n'kuliyang'anitsitsa. Linali bala laling'ono, loti mwana wa sukulu akanangolipaka malovu n'kupitiriza mpira. Koma linali lotseguka, lofiira, ndipo linalibe mwini.

"Mwaona? Chipatala chonse chija, kumusiya munthu chonchi."

"Wasupukira pakhomo pano, amayi," anatero Aphunzitsi.

"Iwe khala chete, wodwala salankhula."

Pangano linamangidwa pomwepo popanda wolitchula: bondo lamanzere la Adokotala, lamanja la Apongozi. Kapisozi wofiira ndi wachikasu anatsegulidwa, chala chinagogoda, Aphunzitsi analuma pilo.

Mtima wa Wamagalasi sunakhale m'malo. Ankadziwa kuti ngakhale pakhungu, ufa wa zaka zosadziwika si chinthu choti dokotala angachiombere m'manja. Choncho m'mawa uliwonse, Apongozi akatuluka panja kukaimbira foni munthu amene anamusiyira nkhuku, iye ankabwera ndi madzi owiritsa a mchere, kutsuka ufa wonse, kupukuta ndi thonje, n'kubwezera kansalu mmene kanalili. Foni ya nkhuku sinkafupika. Apongozi ankafunsa za khola lililonse, za madzi, za utuchi, za tambala wina amene ankamukayikira khalidwe.

Mmenemo ndi mmene Wamagalasi anadzikumbira dzenje yekha. Bala losambitsidwa bwino chotero silikanachitira mwina. Linauma, linachita nkhanambo, nkhanambo inagwa, pansi pake panatuluka khungu latsopano losalala ngati la khanda.

Lamanzere linali lidakali lotupa, lomangidwa, ulusi usanachotsedwe. Kamodzi mwa timabowo tija kankatulutsabe timadzi pang'ono, zimene anamwino anati ayang'anire koma asade nazo nkhawa.

Apongozi anaitana aneba awiri kudzaona. Anakweza bulangete ngati akutsegulira chipilala.

"Ili ndi langa. Ili ndi la Adokotala. Ine sindinena kanthu. Maso muli nawo."

"Koma zoona," anatero neba wina. "Lanuli lachira."

"Linalo linali opaleshoni, amayi," anatero Aphunzitsi. "Ili kunali kusupuka chabe."

"Chilonda ndi chilonda. Chimadziwa kuti chabwera ndi mpeni kapena ndi simenti?"

Kuyambira tsiku limenelo Apongozi anakhala dokotala wopanda wodwala, ndipo palibe munthu woopsa kuposa ameneyo. Ankadutsa pafupi ndi sofa akuyang'ana bondo lamanzere ngati mmene mphaka amayang'anira mphika wovundikira. Ankaligwira pamwamba pa bandeji n'kupukusa mutu. Pa chakudya ankayamba nkhani zakutali zimene zonse zinkathera pamodzi.

"Malemu bambo ake a uyu anadzitema ndi nkhwangwa. Makapisozi awiri basi. M'mawa mwake anapita kuntchito."

"Ankatsimphina mpaka kumwalira, amayi," anatero Aphunzitsi.

"Kumeneko kunali kuyenda kwawo."

Wamagalasi anayesa njira zake zonse. Anabisa kachitini m'thumba la mpunga; Apongozi anakapeza, n'kuyamikira kuti mpunga umateteza mankhwala ku chinyezi. Anawabweretsera magalasi owerengera kuchokera kusitolo, poganiza kuti akaona madeti a pa timapepala ta makapisozi achita mantha. Apongozi anavala, anayang'ana, anati, "Ha! Ndiye ndinkataya ufa wambiri pambali." Tsopano ankatha kulunjika bwino.

Tchuthi chimene Wamagalasi anapempha kuntchito chinatha. M'mawa wobwerera kusitolo anaima pa sofa atanyamula chikwama.

"Aphunzitsi, ndikupita. Bondoli ndi lanu. Mukalilekerera, kilatchi muzidzaponda ndi ndodo."

"Ndiwauza."

"Muwauza chiyani?"

"Kuti... tidikire iwe."

Dzuwa lili pamutu, Wamagalasi anali ndi kasitomala, bambo wina amene anayesa mafelemu onse a m'sitolo ndipo ankafuna kuyambiranso. Foni inanjenjemera m'thumba. Uthenga unali waufupi: "Bwera. Aika ketulo pamoto."

"Awa akukukhalani kwambiri," anauza bambo uja, osayang'ana n'komwe amene anali pamphuno pake. Anapempha mnzake kuti amugwirire, anatuluka, anakwera njinga yamoto yoyamba imene inaima. Woyendetsa anafunsa ngati kuli maliro. Iye anati, "Sanachitike. Thamangani."

Anapeza chitseko chili chotsegula. Pabalaza pankanunkhira sopo. Bandeji inali itamasulidwa n'kukulungidwa bwinobwino pa tebulo, chifukwa Apongozi sanali munthu wauve. Bondo lamanzere linali pamtunda, lotupa, lonyezimira, timabowo take tili ndi ulusi wakuda. Aphunzitsi anali chagada, akuwerenga malata. Apongozi anakhala pa kampando, magalasi atsopano ali pamphuno, kapisozi wofiira ndi wakuda ali kale pawiri, theka lodzaza lili pamwamba pa kabowo kotulutsa timadzi kaja. Chala chinali chitakwera kuti chigogode.

Wamagalasi sanakuwe. Kugwira dzanja la Apongozi sakanatha. Anangoponya chikwama, anagwada pambali pa sofa, n'kutambasula chikhatho chake pamwamba pa bondolo, osalikhudza.

Chala chinagogoda. Ufa wachikasu unagwera kuseri kwa dzanja lake, phwii.

Ketulo yokha ndi imene inkalankhula kukhitchini.

"Mayi," anatero Apongozi mwaulemu woopsa, "dzanja lanu lili panjira."

"Ndaliika dala, amayi."

Anadabwa kumva mawu akewo. Aphunzitsi anasiya malata n'kuyang'ana mkazi wawo ngati amuona koyamba.

"Ndiye mukundikaniza mwana wanga?"

"Mwana ndi wanu, amayi. Mutu wanu, mimba yanu, bondo lamanja lanu. Koma apa ayi."

"Ndinamubereka ndi mawondo awiri."

"Ndipo ndikufuna akhale nawobe awiri."

Apongozi anavula magalasi, anawapinda, anawaika pa tebulo, kusonyeza kuti mphatsoyo yabwezedwa. Anayamba ndi zaka zimene analera ana okha. Anadutsa pa chikuku, pa zilonda za njinga, pa msomali umene unalowa kuphazi kwa mwana yemweyu. Anafunsa kumene kunali madokotala a nsapato zapulasitiki nthawi imeneyo. Pamenepo Wamagalasi anaona chimene anali asanachionepo: kachitini kaja sikanali ka mankhwala okha. Munali mausiku onse amene mayiyu anakhala yekha ndi mwana wotentha thupi, chipatala chili kutali, alibe china choti n'kuchita ndi manja ake.

Koma dzanja sanalichotse. Linayamba kuwawa m'phewa.

"Amayi, ndikufunseni za nkhuku. Ine sindizidziwa."

Funso la nkhuku Apongozi sanalikanepo chibadwire.

"Nkhuku ikajomphedwa pakhungu, mumathira ufa, imachira?"

"Imachira."

"Ikathyoka fupa?"

"Timamanga ndi kamtengo. Imachira."

"Nanga ikawonongeka polumikizira penipeni, pa chicherewecherewe paja, mwendo n'kuuma? Mumathira chiyani?"

"Imeneyo sitithira kanthu," anatero Apongozi mosaganiza n'komwe. "Siichira. Imeneyo timadya."

Mawuwo anatuluka, anazungulira pabalaza, n'kubwerera kwa mwini wake. Apongozi anayang'ana bondo. Anayang'ana theka la kapisozi m'manja mwawo. Anayang'ananso bondo.

"Amayi," anatero Aphunzitsi ndi mawu aang'ono, "ine musandidye."

"Iwe khala chete."

Koma theka la kapisozi lija linatsika pang'onopang'ono, ngati galimoto ya wophunzira amene wamvetsa. Apongozi analiika m'mbale, anapukuta zala pa nsalu yawo. Kenako anakwiya, chifukwa mkwiyo unali pafupi kuposa china chilichonse.

"Ndiye mwagwada pamenepo ndi dzanja la ufa pamwamba pa bala la mwana wanga? Mukayetsemula? Chotsani pang'onopang'ono! Cha uko! Kasambeni, madzi otentha alipo. Ana a masiku ano, ukhondo mulibe."

Wamagalasi anakasamba. Ali kukhitchini anaimbira kuchipatala, anafotokoza kuti bandeji inamasulidwa koma palibe chagweramo. Anamuuza mmene angatsukire m'mbali ndi kumanganso ndi bandeji yatsopano, ndi zizindikiro zoti akaziona abwere msanga. Pomanga, Apongozi anavalanso magalasi aja kuti aone ngati akumanga bwino. Anapeza zolakwika zitatu.

Pa tsiku lochotsa ulusi anapitanso onse atatu. Dokotala anapinda bondo, analiwongola, analikanikiza uku ndi uku, anafunsa za kutentha thupi. Anati kutupa kwatsika, timabowo tatsekeka bwino, palibe chizindikiro cha tizilombo. Chotsala ndi mafizo olimbitsa bondo, ndipo akalimbikira adzabwerera pa kilatchi.

Kenako anaona chipsera chachikasu pa bondo lamanja.

"Apa panachitika chiyani?"

Wamagalasi anayang'ana bondo lapulasitiki m'kabati. Aphunzitsi anayang'ana kudenga, kumene anali atazolowera.

"Pamenepo ndi pa ine," anatero Apongozi. "Tinagawana ntchito. Inu munaika anu m'kati, ine ndinkaika anga mbali inayi. Amayenda ndi magazi, amakwera, amadutsa m'chiuno, amatsikira kwanuko ali ochepa mphamvu. Mlingo wake umakhala wabwino. N'chifukwa chake lanulo lachira."

Dokotala anatsegula pakamwa. Anayang'ana Wamagalasi. Wamagalasi anamuyang'ananso ndi maso a munthu amene wayenda ulendo wautali ndipo sakufuna kubwerera poyambira. Dokotala anatseka pakamwa, anakanda pachipumi ndi cholembera, n'kuyambira pena.

"Mayi, makapisozi amenewo alipobe?"

Kachitini kanatuluka m'chikwama. Dokotala anatsegula, n'kusuzumiramo ngati munthu amene wakumana ndi anzake a kusukulu amene ankaganiza kuti anamwalira.

"Awa ambiri anatha mphamvu kalekale. Ndipo kuthira chonchi pa chilonda chilichonse kumaphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala. Tsiku limene mudzawafunedi, sadzagwira. Ngakhale ku nkhuku zanu. Ndikupempha mundisiyire."

Apongozi anayang'ana kachitini kawo nthawi yaitali. Kenako anakakankhira patebulo ndi manja awiri, ngati mmisiri wopuma ntchito akupereka zida kwa wophunzira wake.

"Tengani, Adokotala. Odwala muli nawo ambiri kuposa ine. Koma ndikuchenjezeni. Osamangothira paliponse. Pa chicherewecherewe pamafuna mlingo. Chimene chija chikafa sichimeranso."

"Ndamva, mayi," anatero dokotala.

"Chilibe magazi, mukudziwa."

"Zikomo pondikumbutsa."

"Chitinicho mudzandibwezere. N'chabwino."

Panapita miyezi ya mafizo, ya kukuwa ndi kutukwana njinga yosayenda ya kuchipatala, mpaka tsiku limene dokotala analoleza kuti ayendetsenso galimoto. Linali Loweruka m'mawa. Aphunzitsi anakhala pa chiwongolero m'galimoto yophunzitsira, pakhomo pomwe anagwera paja. Wamagalasi anakhala kutsogolo. Apongozi, amene anabwera dala kudzaona ntchito ya manja awo, anakhala kumbuyo, chitini chopanda kanthu chili pamiyendo.

Phazi lamanzere linakwera pa kilatchi. Linaponda mpaka pansi. Bondo linapinda, linawongoka, silinalire, silinakhule. Giya inalowa. Galimoto inanyamuka mosagwedeza ngakhale ndolo za Apongozi.

Wamagalasi anatulutsa mpweya umene ankaona ngati anaugwira kuyambira tsiku la ngalande. Anayang'ana pawindo kuti asaonedwe maso.

"Mwaona?" anatero Apongozi kumbuyo. "Koma kuponda kwa mwendo wamanja n'kosiyana. Tamverani buleki mmene ikugwirira."

"Zoona amayi," anatero Wamagalasi.

Pa mphambano, pamene ankadikira kuti galimoto zina zidutse, anamva kachitini kakutsegulidwa. Anayang'ana pa kagalasi ka pambali. Apongozi anali atatulutsa kapepala ka makapisozi m'chikwama, otsala a neba amene anachira chifuwa asanamalize, ndipo ankawaponya m'chitini mmodzimmodzi. Ankalira kuti ngwe, ngwe, chifukwa munali malo ambiri.

Maso awo anakumana pa kagalasipo.

"Si a pabondo," anatero Apongozi.

"Ndi a pati, amayi?"

"Tidzaona amene ayambe kugwa."

Wamagalasi anamanga lamba wake bwinobwino, anayamba kuganiza za malo obisira amene si thumba la mpunga, n'kuuza Aphunzitsi kuti ayendetse pang'onopang'ono.